Kope la mitengo: kukonza nyumba yanu kwakwera ndi ndalama zingati?

Amayi, mtengo wa sopo, mchere ndi mafuta ophikira mumaudziwa osafunsa munthu, chifukwa mumagula sabata ndi sabata. Ukangokwera ndi K200 mumazindikira tsiku lomwelo. Nanga mutafunsidwa kuti lata limodzi la mafiti khumi linali pa ndalama zingati chaka chatha mwezi ngati uno, mungayankhe? Ambiri sitingathe. Malata, simenti, misomali ndi matabwa timagula mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu. Mtengo umene uli m'mutu mwathu ndi wakale, wa tsiku limene tinagula komaliza. Tsono timasunga ndalama molingana ndi mtengo wakalewo, ndipo tsiku lopita ku hadiweya timabwerako manja ali m'khosi, mvula ili pafupi.

Phunziro la mwezi uno ndi la kope. Tiona mmene mungalondolere nokha kukwera kwa mitengo ya zinthu zokonzera nyumba yanu, kuti mudziwe ndalama zoyenera kupatula komanso chinthu choyenera kugula msanga.

Nambala ya pa wailesi si ya denga lanu

Mwezi uliwonse ofesi ya boma yoona za kalembera ndi chiwerengero, National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba, imalengeza kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi maperesenti angati. Amachita chonchi: ali ndi mndandanda wa zinthu zimene mabanja amagula, ndipo antchito awo amayendera misika ndi masitolo a m'mizinda ndi m'maboma kulemba mitengo ya zinthu zomwezo mwezi ndi mwezi. Kenaka amayerekeza ndi mwezi womwewo wa chaka chapitacho. Akanena kuti 30 peresenti, ndiye kuti zinthu zimene zinali pa K100 tsopano zili pa K130. Miyezi yambiri ya chaka cha 2024 nambalayi inali pamwamba pa 30.

Nambalayi ndi yothandiza, koma ndi ya dziko lonse, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi chakudya, makamaka chimanga. Chimanga chikatsika pa nthawi yokolola, nambala ya pa wailesi imatha kutsika ngakhale simenti ikukwera. Zinthu zokonzera nyumba zili ndi kagawo kakang'ono chabe mumndandandamo. N'chifukwa chake nyumba yanu ikufunika mndandanda wakewake.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Akalengeza kuti kukwera kwa mitengo kwatsika, sakutanthauza kuti zinthu zatchipa. Akutanthauza kuti zikukwerabe koma pang'onopang'ono. Chakumapeto kwa 2024 nambala ija inatsikira pansi pa 30, koma m'masitolo simunatsike kanthu. Chinachitika n'chakuti tsopano ankayerekeza ndi miyezi ya kumapeto kwa 2023, pamene mitengo inali italumpha kale. Choncho musazengereze kukonza denga poganiza kuti malata atsika chifukwa cha zimene mwamva pa nkhani.

Chimene chimakankha mitengo ya zomangira

Zambiri zimene timakonzera nyumba zili ndi phazi limodzi kunja kwa dziko. Malata amapindidwa konkuno, koma chitsulo chake chimabwera kuchokera kunja chitakulungidwa m'mipukutu. Galasi, maloko, mahinji ndi zopangira penti nazonso zambiri n'zoitanitsa. Simenti imapangidwa m'dziko muno, monga ya kampani ya Shayona ku Kasungu ndi ina ku Mangochi ndi ku Blantyre, koma ina imachokera ku Zambia, ndipo mafakitale athuwa amafunabe ndalama zakunja zogulira zipangizo ndi mafuta. Choncho kwacha ikafooka, zinthu izi ndi zimene zimayamba kukwera.

Tinaziona kawiri m'zaka zaposachedwapa. Mu Meyi 2022 Banki Yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti: dola imodzi ya ku America, imene inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Mafuta a galimoto anakwera patangopita masiku ochepa, ndipo mtengo wonyamulira katundu unatsatira. Kuwonjezera apo, ndalama zakunja zikamasowa m'mabanki, amalonda ambiri amakazigula pamsika wachinsinsi pamtengo wokwera, ndipo wolipira ndi inu wogula thumba limodzi.

Zina sizikhudzana ndi dola. Udzu wofolera umakwera tchire likapsa msanga kapena madambo akasanduka minda. Njerwa zootcha zimatsata mtengo wa nkhuni. Mchenga ndi waulere kumtsinje, koma ngolo yake si yaulere. Ndipo nyengo nayo imalamula: mu Okutobala ndi Novembala aliyense amakumbukira denga lake nthawi imodzi, amisiri amatanganidwa, mitengo n'kuuma. Namondwe akawononga nyumba zambiri pakamodzi, monga anachitira Freddy m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ofuna malata ndi amisiri amachuluka mwadzidzidzi.

Kayambidwe ka kope

Gulani kope wamba la ana asukulu, likhale la ntchito imeneyi yokha. Pa tsamba loyamba lembani zinthu zimene nyumba yanu imadya pa chaka kuti ikhalebe bwino. Osati zimene mumalakalaka, monga kumanga chipinda china, koma zimene zimabwerabwera. Nyumba ya malata ndi simenti ingafune lata limodzi kapena awiri, thumba la simenti lomata ming'alu ndi khonde, misomali, matabwa angapo, laimu kapena penti, ndi masiku a mmisiri. Nyumba ya udzu ingafune mitolo ya udzu, pepala la pulasitiki loyala pansi pa udzu, nsungwi kapena mapaso, luzi kapena linya, ndi ganyu ya wofolera. Musaiwale chimbudzi, bafa ndi khitchini. Nazonso ndi nyumba. Zinthu zisanu mpaka zisanu ndi zitatu zakwana. Zikachuluka mudzatopa nazo n'kusiya.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse: chinthu chilichonse muchilembe mwatsatanetsatane kotero kuti chaka chamawa mudzafunse chomwechocho. "Lata" si yankho. Lembani utali wake, geji yake, ngati ndi loyera kapena lopakidwa utoto. "Simenti" lembani dzina lake, nambala ya mphamvu imene yalembedwa pa thumba, monga 32.5 kapena 42.5, ndi kulemera kwake, makilogalamu 50. Misomali lembani kuti ndi ya malata kapena ya matabwa, mainchesi angati, pa kilogalamu. Thabwa lembani kukula ndi utali wake ndi mtundu wa mtengo. Ngolo ya mchenga lembani kuti ndi ya ndani ndipo imadzaza mawilibala angati.

Kenaka kanayi pa chaka, mwachitsanzo mu Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, funsani mitengo m'masitolo awiri kapena atatu omwewo, mulembe tsiku, sitolo ndi mtengo. Simukuyenera kugula kanthu. Kufunsa n'kwaulere, ndipo mukhoza kufunsa tsiku la msika mukupita kale kumeneko. Tsiku limene mwaguladi, pemphani risiti muimate m'kopemo. Risiti zina za makina zimafufutika pakapita miyezi, choncho koperani manambala ake ndi cholembera.

Masamu ake

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirirepo. Inu mudzaika a kwanuko.

Tinene kuti mu Julayi chaka chatha mndandanda wanu unali motere: malata awiri K30,000, thumba la simenti K20,000, kilogalamu ya misomali K4,000, matabwa awiri K5,000, mmisiri masiku awiri K16,000, ngolo K5,000. Zonse pamodzi K80,000. Mu Julayi chaka chino zinthu zomwezo zili motere: malata K42,000, simenti K29,000, misomali K5,500, matabwa K6,500, mmisiri K18,000, ngolo K7,000. Zonse pamodzi K108,000.

Chotsani mtengo wakale pa watsopano: 108,000 kuchotsapo 80,000 kutsala 28,000. Gawani 28,000 ndi mtengo wakale, 80,000, ndipo yankho mulichulukitse ndi 100. Mupeza 35. Ndiye kuti kukonza nyumba yanu kwakwera ndi 35 peresenti pa chaka. Foni iliyonse, ngakhale yaing'ono ya mabatani, ili ndi kakyuleta yochitira zimenezi. Pamene anthu amalakwitsa ndi pogawa: muzigawa ndi mtengo wakale, osati watsopano.

Tsopano chitani chimodzimodzi pa chinthu chilichonse pachokha, chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo. M'chitsanzo chathu simenti yakwera ndi 45 peresenti, malata ndi 40, ngolo ndi 40, koma mmisiri ndi pafupifupi 13 basi. Zimenezi zikukuuzani zinthu ziwiri. Choyamba, katundu wa kusitolo ndi amene akuthamanga, ndiye woyenera kumugwira msanga. Chachiwiri, mmisiri uja watsalira. Nayenso amagula ufa pamsika womwewo, ndipo sachedwa kukweza. Malipiro a amisiri amakonda kukhala duu kwa nthawi kenaka n'kulumpha kamodzi. Pokonzekera chaka chamawa musawerengere kuti adzakhalabe pomwepo. Ndinganenenso mongodutsa kuti kukanikiza mmisiri mpaka pansi si kupulumutsa ndalama: wolipidwa moperewera amathamangira ntchito ina, yanu n'kuisiya theka.

Kukwera kumaunjikana. Chaka chamawa zikakweranso ndi 35 peresenti, sizikwera ndi K28,000 ngati poyamba, chifukwa tsopano zikuyambira pa K108,000. Zidzafika pa K145,800. Ngakhale liwiro litatsika kufika pa 20 peresenti, mudzafunabe K129,600. Nambala imeneyi ndiyo yoyenera kuikumbukira popatula ndalama, osati ya pa risiti yakale.

Kwa inu amene ndalama zanu zimachokera kumunda, pali muyeso wina woposa kwacha. Lembaninso mtengo wa thumba la chimanga, mtedza kapena soya, chilichonse chimene mumagulitsa, pa tsiku lomwelo. Ngati chaka chatha thumba la chimanga linali K40,000, kukonza nyumba kunadya matumba awiri. Ngati chaka chino lili pa K45,000, kudya matumba awiri ndi pafupifupi theka. Koma ngati lili pa K60,000, simufika n'komwe matumba awiri, ndiye kuti kwa inu wogulitsa chimanga kukonza nyumba kwapepuka ngakhale makwacha achuluka. Muziyerekeza mwezi ndi mwezi unzake, Julayi ndi Julayi, chifukwa mukudziwa nokha kusiyana kwa mtengo wa chimanga pa nthawi yokolola ndi mu Febuluwale. Amene muli pa ntchito kapena pa geni, werengani kuti K108,000 ndi phindu kapena malipiro a masiku angati.

Kukwera kobisika

Nthawi zina mtengo sukwera koma katundu ndiye amachepa. Uku ndiko kukwera koopsa, chifukwa mumabwera kunyumba mukusangalala kuti mwapeza zotchipa.

Pa malata, nambala ya geji ikamakula lata limapyapyala. Geji 28 ndi lochindikala kuposa 30, ndipo 30 ndi lochindikala kuposa 32. Wogulitsa akakuuzani mtengo wofanana ndi wa chaka chatha, funsani geji, ndipo nyamulani latalo mumve kulemera kwake. Lopyapyala limanyezimira bwino lomwe ngati linzake, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Limang'ambika pa msomali mphepo ikawomba ndipo limachita dzimbiri msanga. Yezaninso m'lifupi, chifukwa lata lochepa m'lifupi limafuna kuti mugule ambiri pa denga lomwelo.

Njerwa nazo zimachepa chikombole chikachepetsedwa. Njerwa 1,000 za chaka chino zingakhale pa mtengo wakale koma osamaliza khoma limene 1,000 zakale zinkamaliza, ndipo zing'onozing'ono zimadya matope kapena simenti yambiri. Mtolo wa udzu umaonda. Ngolo imabwera yosadzaza. Penti amathiridwa madzi. Simenti yogulitsidwa moyoola pa mbale kapena pa kilogalamu imatha kukhala yosakanizidwa kapena yogona. Pa thumba lathunthu onani kuti silinasokedwenso, fufuzani chizindikiro cha bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, ndipo ligwireni: likakhala ndi mibulu yolimba, lalowa chinyezi. Zonsezi zikhale ndi malo m'kope. Mzere umodzi wakuti "mtolo waung'ono kuposa wa chaka chatha, ndinafuna 14 m'malo mwa 10" udzakuthandizani kuposa mtengo wokha.

Musunge ndalama kapena katundu?

Bwererani ku chitsanzo chija. Mukanasunga K80,000 m'chitini chaka chonse, lero ikanagula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zimene inkagula. Palibe wakuberani, koma gawo limodzi lapita. Mukanaiika ku banki m'khonde n'kubala 20 peresenti pogawana, mukanakhala ndi K96,000, yoperewerabe ndi K12,000. Apa sindikunyoza banki m'khonde, imaposa chitini kutalitali. Ndikungoti muziyerekeza phindu la ku gulu ndi nambala ya m'kope lanu, kuti mudziwe ngati ndalama yanu ikuthamanga mofanana ndi mitengo.

Pa nthawi imene mitengo ikukwera chonchi, zinthu zosaonongeka ndi bwino kuzigula msanga, chimodzichimodzi, ndalama ikangopezeka. Malata, misomali, mahinji, maloko ndi waya zimadikira. Malata muwasunge pouma, osakhudza dothi, mbali imodzi itakwera pang'ono. Akasanjikizana ali onyowa amachita mawanga oyera amene amadya utoto wake woteteza. Matabwa amafuna pamthunzi, pamwamba, ndi diso la chiswe.

Simenti ndi nkhani ina. Imayamwa chinyezi cha mumpweya ngakhale thumba lisanatsegulidwe, ndipo ikadutsa miyezi itatu mphamvu yake imayamba kuchepa. Alipo ambiri amene anagula matumba pothawa kukwera kwa mtengo n'kudzapeza miyala. Igulidwe ntchito ikayandikira, mchenga ndi mmisiri zili kale pomwepo. Ngati muyenera kuisunga masabata angapo, ikhale pa matabwa, yotalikirana ndi khoma, yofunditsidwa ndi pulasitiki.

Nanga kukongola kuti mugule mitengo isanakwere? Werengani kaye. Ngongole ya K108,000 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa mwezi, mukaibweza pakatha miyezi itatu, yabala K32,400. Ndiye kuti pa miyezi itatu yokha mwalipira pafupifupi zimene mitengo ikanakwera pa chaka chathunthu. Kukongola kotere kumamveka pokhapokha ngati chowonongekacho sichingadikire, monga denga lodontha pamene pagona ana kapena chimbudzi chimene chatsala pang'ono kugwa.

Mtengo wa kuchedwa

Kope lanu likhalenso ndi tsamba la nyumba yeniyeniyo, chifukwa pamene mitengo ikukwera kusitolo, bowo nalo likukula padenga. Msomali umodzi wosukusika lero umafuna msomali wina ndi kaphula kapena kachidutswa ka labala. Ukasiyidwa dzinja limodzi, madzi awoletsa thabwa. Dzinja lachiwiri atsikira m'khoma, ndipo khoma la zidina likamwa madzi silichenjeza. Mwayamba ndi ntchito ya ndalama zochepa, mwathera pa malata, matabwa ndi bilidala, zonse pa mitengo ya zaka ziwiri zakutsogolo.

Mvula ikangosiya, mu Epulo kapena Meyi, zungulirani nyumba yonse muli ndi kope m'manja, madontho akadali ndi zipsera zake. Yang'anani denga muli m'kati masana kuti muone pamene pakulowa kuwala. Onani tsinde la khoma ngati madzi akulidya, ndi ngalande ngati ikutaya madzi kutali. Fufuzani njira za chiswe pa mafelemu ndi pa mapaso. Mng'alu uliwonse muuike chizindikiro cha pensulo kumapeto kwake ndi tsiku. Mukadzaona kuti wadutsa chizindikirocho, itanani mmisiri, osangoumata.

Posankha choyamba, zokhudza umoyo zitsogole. Chimbudzi chogumuka m'dzinja chimabweza banja kutchire, ndipo tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chipinda chachinyezi chimavutitsa a chifuwa ndi ana aang'ono. Mawindo opanda sefa ndi mipata ya pakati pa khoma ndi denga ndi njira za udzudzu. Penti wa kukhonde angathe kudikira chaka china; silabu ya chimbudzi singadikire. Ndipo ntchito imene mwaipeza mu Meyi muichite pakati pa Juni ndi Ogasiti, pamene ndalama za zokolola zilipo, misewu ndi youma ndipo amisiri sanayambe kulimbirana.

Amene mukukhala m'nyumba ya lendi, kopeli ndi lanunso. Mukakonza chinthu ndi ndalama zanu, gwirizanani kaye ndi eni nyumba ngati adzachotsere pa lendi, mulembe pansi, musunge risiti. Eni nyumba akadzati akukweza lendi chifukwa zomangira zakwera, mudzakambirana nawo muli ndi manambala.

Ntchito ya pa gulu

Munthu mmodzi kuyendera masitolo atatu kanayi pa chaka n'kotopetsa, koma pa gulu n'kopepuka. Pa msonkhano wotsatira gwirizanani zinthu zisanu zimene nyumba zambiri za kwanuko zimafuna, muzilembe mwatsatanetsatane monga tafotokozera, ndipo mugawane: mayi mmodzi malata, wina simenti, wina udzu ndi pulasitiki, wina afunse amisiri awiri. Mlembi asunge kope la gulu. Amene muli ndi marisiti akale m'sutikesi kapena m'chikwama, bwerani nawo. Risiti ya zaka ziwiri zapitazo ikupatsani poyambira lero lomwe m'malo modikira chaka. Mukapeza kuti anthu anayi kapena asanu akufuna malata nyengo imodzi, funsani mtengo wogula pamodzi ndi ngolo kapena galimoto imodzi, ndipo muulembe pambali pa mtengo wa mmodzimmodzi kuti kusiyana kwake kuoneke.